Ulemu wa ku Japan si wa m'magazi, ndipo si waulere

Yalero ndi yaitali, nde amene bandulo yanu ili pang'ono musade nkhawa, mulibe vidiyo muno, ndi mawu okhaokha. Pezani pokhala.

Kavidiyo ka masapota a timu ya Japan akutola zinyalala m'bwalo la mpira kayambanso kuzungulira. Kamabwerabwera ngati mwera. Ndipo nthawi zonse pansi pake pamakhala magulu awiri. Gulu loyamba limati, "Awa nde anthu, ife tinatembereredwa, zili m'magazi." Gulu lachiwiri limati, "Aaa, zofuna kamera izi, akungodzionetsera." Ine magulu onse awiriwa sindigwirizana nawo, koma loyambalo ndi limene limandibowa kwambiri. Munthu akangoti zili m'magazi, ndiye kuti wasamba m'manja, palibenso choti iyeyo achite.

Tiyambe ndi zimene zinachitikadi. Pa 2 Julayi 2018 ku Rostov, m'dziko la Russia, Japan inkatsogola 2-0 pamasewero ake ndi Belgium, kenako n'kugonja 3-2, chigoli chomaliza kulowa mpira ukutha. Mukudziwa mmene zimawawira zoterozo. Kwathu kuno timu ikaluza chotero, woyimbira amatuluka pabwalo ali pakati pa apolisi. Koma masapota aja, misozi ili m'maso, anatulutsa majumbo awo n'kuyamba kutola mabotolo ndi mapepala. Osewera nawonso anasiya chipinda chovalira chili mbee, n'kusiyamo kapepala kolembedwa zikomo m'Chirasha. Pa 23 Novembala 2022 ku Qatar anachinya Germany 2-1, n'kuchitanso chimodzimodzi. Akaluza atola, akawina atola. Wa kamera uja andiuze: ndani amakumbukira za kamera timu yake itangotuluka kumene mu World Cup pa mphindi yomaliza?

Tsono ndisanapitirire, ndikane bodza limodzi. Ulemu ife tili nawo, ndipo pena timawaposa. Mwana wa kwathu salandira chinthu ndi dzanja limodzi. Mtsikana amagwada popereka madzi kwa akulu. Sulowa pakhomo pa munthu osanena odi. Apongozi ukawaona patali umapatuka njira. Mwamuna wa ndevu zake amanjuta pamaso pa mfumu, chipewa chili m'manja. Ajapani nawonso zoterezi ali nazo zambiri. Amawerama, ndipo m'makampani wolembedwa kumene ntchito amachita kuphunzitsidwa kawerimidwe: madigiri 15 popereka moni wa mongodutsana, 30 kwa kasitomala, 45 popepesa kapena pothokoza kwambiri. Khadi la dzina lako umapereka ndi manja awiri, la mnzako kulandiranso ndi manja awiri, osangoliponya m'thumba la kumbuyo. Chilankhulo chawo chili ndi masitepe. Mawu akuti kudya okha alipo atatu: wamba ndi taberu, akamadya bwana umati meshiagaru, ukamadya iweyo pamaso pa bwanayo umadzichepetsa n'kunena kuti itadaku. Zimenezi kwa ife si zachilendo. Nafenso mfumu sitinena kuti yafa, timati yagona.

Kusiyana kuli apa, mumvetsetse. Ulemu wathu umayang'ana m'mwamba, ndiponso umafuna nkhope. Umapita kwa amene timamudziwa: malume, apongozi, abusa, shehe, bwana mwini boti. Munthu yemweyo amene wagwada m'mawa kwa agogo ake, masana akwera minibasi, adya chimanga, chitsononkho n'kuponya pawindo osaona n'komwe ngati kukubwera wa kabaza. Sanasinthe mtima ayi. Kungoti wa kabazayo alibe dzina. Ajapani pamwamba pa ulemu wa kwa akulu anawonjezerapo wina, woyang'ana m'mbali, wopita kwa munthu amene sumudziwa ndipo sudzakumana nayenso.

Ali ndi mawu amodzi amene mwana amawamva kuyambira akukwawa: meiwaku. Tanthauzo lake ndi kusowetsa ena mtendere, kukhala chipsinjo kwa anthu, kuwapatsa ntchito imene sanaipemphe. Mayi wa kumeneko mwana akamasokosa m'sitima sanena kuti "ndikumenya" kapena "kukubwera apolisi". Amamuuza kuti ukuvutitsa anthu. Anthu ake ati? Aliyense. Ukangomvetsa mawu amodzi amenewa, zambiri zimene timadabwa nazo m'mavidiyo zimamveka zokha.

Tengani sitima za m'mizinda yawo. Ku Tokyo m'mawa anthu amadzaza ngati usipa m'chigoba, mpaka pa masiteshoni ena pamakhala antchito ovala magolovesi oyera othandiza kukankhira anthu mkati kuti chitseko chitsekeke. Koma mkatimo muli zii. Foni imakhala pa silent, iwo amati manner mode, ndipo kuyankhula pa foni m'sitima ndi chinthu chochititsa manyazi. Chikwama cha kumsana umachibweretsa kutsogolo kuti usagunde nacho munthu. Pansi pa siteshoni anajambula mizere yoti muziimapo, otsika amayamba atsika kaye. Munthu akadwala chimfine amavala masiki, ndipo ankachita zimenezi kalekale Covid isanabwere. Masikiyo cholinga chake chachikulu si kudziteteza iyeyo, koma kuti asakupatsire iweyo amene sakukudziwa. Yerekezani ndi m'bale wathu uja amakwera basi ku Monkey Bay n'kuyamba kuitanitsa ngongole pa loud speaker mpaka pa Golomoti, basi yonse kudziwa kuti wakuti sanabweze ndalama ya injini.

Chodabwitsa china: m'misewu ya Tokyo mabini ndi osowa. Pa 20 Malichi 1995 gulu lina lachipembedzo lotchedwa Aum Shinrikyo linatulutsa mpweya wa poizoni m'sitima za pansi pa nthaka, anthu oposa khumi n'kufa, masauzande n'kuvulala. Zitatero mabini ambiri anachotsedwa m'masiteshoni poopa kuti wina angabisemo zoopsa. Kunali kwina, pamenepo ndiye pakanapezeka chonamizira: "nanga titaye kuti, boma silinaike bini." Iwo amangoika kapepala ka switi m'thumba mpaka kunyumba. Mawu aja timakonda ife pa doko akuti "khonsolo sinatipatse motayira" ali ndi choonadi chake, sindikukana, koma sakufotokoza chifukwa chimene jumbo ya chipisi imathera m'madzi momwe mawa mwana atungemo.

Nde funso n'lakuti zimachokera kuti. Yankho lake si lachinsinsi: kusukulu. M'masukulu ambiri a boma, tsiku lililonse pamakhala mphindi ngati 15 kapena 20 zoti ana asese kalasi, akolope makonde, kwina atsuke ndi zimbudzi zomwe. Nsapato za panja amavula pakhomo n'kuvala za mkati. Chakudya cha masana amagawa ndi ana okhaokha mosinthana, atavala zoyera ndi masiki, ndipo mphunzitsi amadya nawo m'kalasi momwemo chakudya chomwecho. Wina anena kuti, "Nafenso timasesa kusukulu." Zoona, tonse tinanyamulako tsache kuchokera kunyumba. Koma kumbukirani bwino mmene zinkakhalira. Wochedwa ndiye ankapatsidwa chimbudzi. Wosokosa ndiye ankakumba dzenje la zinyalala. Prefect ankaima ndi kamtengo, osagwira tsache. Pofika Standard 8 mwana amakhala ataphunzira phunziro limodzi lomveka bwino: kutola zinyalala ndi chilango, ndipo munthu akakula kapena akakwera, amasiya. Ku Japan amasesa onse, wanzeru ndi wombwambwana, mwana wa dokotala ndi wa msodzi, kawirikawiri ndi aphunzitsi omwe, ndipo si chifukwa choti alakwa. Mwana ameneyo akadzafika zaka 30 n'kupezeka m'bwalo la mpira ku Qatar, dzanja limangopita lokha ku botolo. Si magazi amenewo. Ndi zaka zonse za kusukulu akuchita chinthu chomwecho tsiku ndi tsiku.

Nkhani ya ndalama zotayika ndiye imandisangalatsa kwambiri, chifukwa imaonetsa kuti iwo sadalira mtima wabwino wokha. M'madera awo muli timaofesi ting'onoting'ono ta apolisi totchedwa koban, pena kachipinda kamodzi pafupi ndi siteshoni. Mwana akatola kakobili pamsewu, makolo amapita naye kumeneko, wapolisi n'kulemba fomu mwaulemu wonse ngati watola chuma. Ndipo lamulo lilipo: mwini wake akapezeka, wotolayo ali ndi ufulu wolandira pakati pa 5 ndi 20 peresenti ya zimene anatolazo. Pakatha miyezi itatu mwini wake osabwera, zimakhala za wotola uja. Mu 2022 mokha, anthu a mu Tokyo anakapereka kupolisi ndalama zotola pafupifupi ma yen 4 biliyoni, ndipo pafupifupi magawo atatu mwa anayi a ndalamazo anabwerera kwa eni ake. Mwaona? Anakonza zinthu mwakuti kukhulupirika kusamaoneke ngati uchitsiru. Wobweza chikwama sapita chimanjamanja, ndipo sakayikira kuti kapena ndalamayo ithera m'thumba la amene walandirayo. Ulemu umafuna pokhazikika. Popanda kaofesi kaja ndi lamulo lija, ngakhale iwo sakanafika pamenepa.

Mayeso aakulu anabwera pa 11 Malichi 2011, pamene chivomezi champhamvu chinadzutsa mafunde amene anasesa matauni a asodzi kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo, monga Ishinomaki ndi Kesennuma. Anthu pafupifupi 18,000 anafa kapena kusowa. Anthu a kunyanja ngati ife tomwe, odziwa fungo la nsomba m'malaya. Otsala ankaima pa mizere maola ambiri m'chisanu kudikira madzi ndi mpunga. M'zigumukire za nyumba munapezeka mabokosi achitsulo osungiramo ndalama oposa 5,000, ena a anthu a bizinesi ya nsomba amene, monga kwathu kuno, amakonda ndalama ya pamanja. Mabokosiwo anakaperekedwa kupolisi ndipo ndalama zambiri zinabwerera kwa eni ake. Sindikunena kuti panalibe wakuba ngakhale mmodzi, anthu ndi anthu. Koma taganizani thiraki ya sugar ikagwa pamsewu, dalaivala akadali mkati akubuula, chimene chimayamba kuchitika.

Tsono inu a "zili m'magazi", imvani iyi. Tokyo yemweyu anali wauve. M'chaka cha 1965 ntchentche zochokera ku dzala lalikulu la pa chilumba cha Yumenoshima zinavuta madera oyandikana nawo mpaka asilikali anachita kuitanidwa kudzathandiza. Mu 1971 bwanamkubwa wa Tokyo, Ryokichi Minobe, analengeza poyera kuti mzindawo uli pa nkhondo ya zinyalala. Anthu a dera la Koto, kumene kunali dzalalo, anafika potseka msewu kubweza magalimoto a zinyalala ochokera ku Suginami, chifukwa a ku Suginami ankakana kuti kwawo kumangidwe malo owotchera zinyalala zawo zomwe. Mitsinje ya mumzindamo inkanunkha. Agogo a masapota mukuwasilirawa anakhalamo mu uve umenewo. Magazi ndi omwewo, chinasintha ndi malamulo, masukulu, ndalama zimene boma linaika, ndi manyazi amene anthu anayamba kuchitirana.

Pali kena kamene ndikufuna ana a asodzi mukamve. Asanadye, Ajapani amaphatikiza manja n'kunena kuti itadakimasu, kuchokera ku mawu odzichepetsa aja ndatchula kale. N'kunena kuti ndalandira. Ana amaphunzitsidwa kuti akuthokoza wophika, mlimi, msodzi, komanso chamoyo chimene chafa kuti iwo adye. Ku Tsukiji, kumene kunali msika waukulu wa nsomba wa Tokyo usanasamukire ku Toyosu mu 2018, kuli kachisi wotchedwa Namiyoke, dzina lotanthauza kutchinjiriza ku mafunde. M'bwalo mwake ogulitsa nsomba anaimika miyala ya chikumbutso. Si ya mabwana ayi. Ndi ya nsomba ndi zina za m'nyanja zimene amapha pa ntchito yawo, ndi ya mazira omwe. Mukhoza kuseka, ndipo pa chikhulupiriro aliyense ali ndi kwake. Koma munthu amene amaona kuti ali ndi ngongole kwa nsomba, ndikukayika ngati angagwire neti ya udzudzu n'kukakokolola kasawala m'bango.

Mpaka apa mwina mukuti mwana wa msodziyu wagwa m'chikondi ndi Japan. Dikirani, mbali yachiwiri ikubwera, ndipo imeneyi mavidiyo aja saonetsa.

Meiwaku yemwe uja ndi mpeni wakuthwa konsekonse. Ngati tchimo lalikulu ndi kusowetsa anthu mtendere, ndiye kuti wodandaula, ngakhale akunena zoona, amasanduka wolakwa. Ku Minamata, tauni ya m'mbali mwa nyanja kum'mwera kwa dzikolo, fakitale ya kampani ya Chisso inkataya m'nyanja madzi okhala ndi poizoni wa mercury kuyambira m'ma 1930. Amphaka anayamba kuzungulira ngati openga n'kumagwera m'madzi. Kenako ana a asodzi anayamba kulephera kuyenda ndi kuyankhula, ena kubadwa olumala. Matendawa anadziwika mu 1956, koma boma linadzavomereza kuti gwero lake ndi fakitaleyo mu 1968. Zaka 12, poizoni akulowabe m'madzi. Ndipo chowawa kwambiri n'chakuti mabanja odwalawo ankasalidwa ndi anansi awo omwe, chifukwa tauni yonse inkadya za fakitaleyo. Wopita kukhoti ankaoneka ngati wosokoneza mtendere wa mudzi. Anthu owerama bwino, a moni wokoma, anasiya asodzi anzawo akufa kuti asakhumudwitse bwana. Asodzi aja anayamba kumveka atasiya ulemu, mu 1959 pamene anathyola geti n'kulowa m'fakitalemo, ndiponso pambuyo pake atalimba mtima kukasuma.

Zoterezi zili ndi mizu. M'midzi yawo yakale munali chilango chotchedwa murahachibu. Banja likaswa mgwirizano wa mudzi, anthu onse ankalileka: osalipatsa moni, osapita ku ukwati wake, osalithandiza pa china chilichonse kupatula ziwiri, maliro ndi moto. Maliro chifukwa mtembo ukawola uvutitsa onse, moto chifukwa ungalumphire nyumba zina. Mpaka lero milandu yotere imafikabe kukhoti. Nde ukaona sitima ili zii, dziwa kuti muli zinthu ziwiri zosakanikirana: kuganizira ena, ndi kuopa maso a anthu. Kuti chachikulu n'chiti, ngakhale eni akewo amatsutsana.

Kusunga nthawi nakonso kuli ndi mtengo wake. Mu Novembala 2017 kampani ya sitima ya Tsukuba Express inapepesa poyera chifukwa sitima inanyamuka masekondi 20 nthawi isanakwane. Dziko lonse linaseka mosilira, nanenso ndimasilira, makamaka ndikakumbuka mmene timadikirira Ilala. Koma pa 25 Epulo 2005 ku Amagasaki, dalaivala wa zaka 23 wa kampani ya JR West anali atachedwa ndi mphindi imodzi ndi theka basi. Pofuna kubweza nthawiyo, analowa pokhota pa liwiro la makilomita 116 pa ola pamalo poyenera 70. Sitima inachoka m'njanji n'kukawomba nyumba yosanja. Anthu 107 anafa, iyeyo ali m'gulu lomwelo. Kafukufuku anapeza kuti madalaivala olakwitsa ankatumizidwa ku maphunziro ochititsa manyazi, kumakalemba malipoti odzidzudzula tsiku lonse, pena kuzula udzu, ndipo mnyamatayo anali atalawako kale zimenezo. Ankaopa manyazi kuposa pokhota paja.

M'maofesi ndi chimodzimodzi. Kuweruka bwana asanaweruke kumaoneka ngati mwano, kupempha holide kumaoneka ngati ukusenzetsa anzako katundu wako. Ali ndi mawu akeake a imfa yobwera chifukwa cha ntchito, karoshi. Matsuri Takahashi, mtsikana wa zaka 24 wa pa kampani yotsatsa malonda ya Dentsu, anadzipha pa tsiku la Khirisimasi mu 2015, ndipo a boma anapeza kuti anali atagwira ovataimu ya maola oposa 100 m'mwezi umodzi. Nkhani yake inagwedeza dziko mpaka lamulo loika malire pa ovataimu linayamba kugwira ntchito mu 2019. Ndipo kumwetulira kuja kwa ogulitsa m'masitolo, kumene alendo amakutamanda, kuli ndi anthu amene amakugwiritsa ntchito molakwika. Pali makasitomala amene amatukwana wantchito maola, ena mpaka kumuuza kuti agwade mphumi igunde pansi. Vutoli linakula mpaka mzinda wa Tokyo unachita kukhazikitsa lamulo loletsa makasitomala kuzunza antchito, limene linayamba mu Epulo 2025. Dziko la ulemu kufunika lamulo loti wogula asanyoze wogulitsa.

Achemwali, iyi ndi yanu. M'sitima zodzaza zija, zachete zija, muli amuna amene amagwiragwira akazi, podziwa kuti ambiri sakuwa poopa kusokoneza anthu. N'chifukwa chake nthawi ya m'mawa sitima zambiri zimakhala ndi mabogi a akazi okhaokha. Ndipo ngati munagulako foni yochokera ku Japan n'kudabwa kuti kamera yake imalira nthawi zonse ngakhale muike pa silent, si kuwonongeka ayi. Anachita dala, chifukwa cha amuna ojambula akazi mobisa. Pamenepa ndiye ndimanyadira amayi a pa doko pathu. Mwamuna atayerekeza zimenezo pakati pa amayi ogula usipa, angadziwe tsiku limenelo kuti beseni limagwiranso ntchito zina. Kukuwa kwathu kuja, kumene timadzinyoza nako, nthawi zina ndi kumene kumateteza munthu.

China chaching'ono, kwa inu amene mumachita za magalimoto kapena mumagwira ntchito ndi anthu a JICA, amene akhala akutumiza achinyamata ongodzipereka kuno kuyambira 1971. Mjapani kawirikawiri sanena kuti ayi. Akati "n'zovutirapo pang'ono" kapena "ndikaganizira", nkhani yatha pamenepo, musadikire foni. Iwo amasiyanitsa za mumtima, honne, ndi zonena pagulu, tatemae. Izi nafenso sitingawaseke, ife a "ndikuuzani mawa". Mukadzadya nawo, timitengo todyera tija musatizike choimirira mu mpunga, amachita zimenezo pa maliro. Mu resitilanti kwawo musasiye ndalama ya pamwamba, woperekera zakudya akhoza kukuthamangirani panja kudzakubwezerani poganiza kuti mwaiwala chenji. Ndipo nsapato zimatsala pakhomo.

Nde titengepo chiyani? Ine kuwerama sindikukufuna, tili ndi kugwada kwathu ndipo kwatikwana. Mantha aja opha dalaivala sindikuwafuna. Chete uja wa ku Minamata ndiye tili naye kale wambiri: ndi kangati tinaona trawler ikukoka pafupi ndi gombe, malo oletsedwa, tonse n'kungoyang'ana kumbali chifukwa mwini wake ndi munthu wamkulu? Umenewo ndi ulemu woyang'ana m'mwamba uja, ndipo ndi umene ukutidyera chambo. Chimene ndikusilira ndi chimodzi chokha, chija choyang'ana m'mbali: kuchitira zabwino munthu wopanda nkhope. Amene adzaponde pamene wataya botolo losweka. Amene adzatunge madzi kumunsi kwa pamene wadzithandizira. Amene adzakwere boti pambuyo pako.

Wina ayankha kuti iwo ndi olemera, ulemu wa wokhuta. Pali zoona pang'ono. Mizere imakoma ngati ukudziwa kuti sitima ina ikubwera pakatha mphindi zitatu, pamene iwe ukulimbirana matola amodzi a tsiku lonse. Sindingamuweruze mayi amene akukankhana pa mzere wa chimanga chimene akudziwa kuti sichikwanira onse. Koma si zonse zimafuna ndalama. Pitani ku Mbenje, ku Salima. Chilumba chimenechija chimatsekedwa nyengo ya mvula chaka chilichonse pansi pa ulamuliro wa mfumu Makanjira, kuyambira kalekale tisanabadwe, ndipo chikatsegulidwa pali malamulo: mowa ayi, juga ayi, zida zoletsedwa ayi. Asodzi omwewa, amene kwina timati samva, akafika kumeneko amamvera, ndipo utaka wa ku Mbenje aliyense amaudziwa kukula kwake. Palibe Mjapani anabwera kudzawaphunzitsa. Pali lamulo lodziwika, limagwira aliyense, ndipo anthu amaona phindu lake ndi maso. N'chimodzimodzi ndi koban ija.

Mu 2020 boma linakhazikitsa tsiku loyeretsa, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse. Ganizo labwino. Koma aliyense akudziwa mmene zoterezi zimathera: masache amatuluka tsiku limene kukubwera akuluakulu, ma T-shirt n'kugawidwa, zithunzi n'kujambulidwa. Ndi ulemu womwe uja wopita kwa bwana, wangovala magolovesi. Bwana akapita, tsache limapitanso.

Inu aphunzitsi muli muno, ndikudziwa mulipo angapo, yesani teremu imodzi yokha. Wochedwa mupatseni chilango china, koma chimbudzi ndi tsache zichoke pa mndandanda wa zilango, zikhale za kalasi yonse mosinthana, prefect ndi head boy omwe, anyamata akolope nawo, inunso mugwireko tsache ana akuona. A timu ya mpira ya pa gombe, Lamlungu likubwerali mukamapita ku ground tengani matumba awiri a feteleza opanda kanthu. Wina akaseka kuti mwasanduka Ajapani, mupatseni thumba limodzi agwire.